Shuga wa ku PTC ndi Manda a ku Zolozolo

Ku manda a Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu, kuli mitumbira yondondozana ya anthu amene adaomberedwa ndi apolisi pa zipolowe za pa 20 Julayi 2011. Tsiku lowaika m'manda anthu adakhamukirako ngati kukugona mfumu, abusa a Sinodi ya Livingstonia ali patsogolo, ndipo oyankhula pamalirowo ankawatchula malemuwo kuti ndi ngwazi zofera ufulu. Sabata yomweyo, akuluakulu a boma ankanena pa wailesi kuti amene adafa pa tsikulo zidali mbava zimene zidafera katundu wa eni ake. Anamfedwa ankamva zonse ziwirizi ali pa mphasa imodzi.

Mkangano wa maina umenewu ndi wakale kuposa dziko lotchedwa Malawi. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa ngozi, adamanga Dr Kamuzu Banda ndi anzake a chipani cha Congress, ndipo m'masabata otsatira asilikali ndi apolisi adapha anthu oposa 50, ambiri mwa iwo padoko la Nkhata Bay. M'makalata a boma la atsamunda anthuwo adalembedwa kuti ndi oyambitsa chisokonezo. Lero tsiku lomwelo timatseka maofesi n'kumawakumbukira monga ofera dziko. Koma mkwiyo wa nthawi imeneyo kwenikweni unkagwera pa misewu, milatho ndi nyumba za boma. Tauni idali isadakhale yathu. Munthu wakuda ankalowamo m'mawa kukagwira ntchito, dzuwa likapendeka n'kubwerera ku Ndirande. Ngakhale chimene manyuzipepala a ku London adachitcha chipolowe cha ku Blantyre mu Januwale 1960, pamene nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inkadya nkhomaliro ku Ryall's Hotel, chidali khamu la anthu onyamula zikwangwani zoti Kamuzu atulutsidwe m'ndende ya Gwelo, apolisi akuwakankha ndi zibonga. Atolankhani adati apolisi adachita nkhanza, azungu okhala kuno adati atolankhaniwo ndi abodza, ndipo woweruza amene adafufuza nkhaniyo, Southworth, adakhalira kumbuyo apolisi.

Kenaka padadutsa zaka 30 za chete. Amene sadakhalepo m'nthawi imeneyo amaganiza kuti bata limenelo lidali mtendere. Lidali bata la munthu wodziwa kuti pakhomo la msika pali anyamata a malaya ofiira, aja tinkawatcha chiswe, ofuna kuona khadi la chipani, ndiponso kuti amene wakhala naye pa mpando wa basi akhoza kukhala kazitape.

Chetecho chidasweka mu 1992. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika adawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi onse, pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa akungotsika ndege ku Lilongwe, ndipo kumayambiriro kwa Meyi ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adaika zida pansi chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Poyamba idali nkhani ya malipiro basi. Koma ogwira ntchitowo atatuluka pa geti n'kulowa mumsewu, anzawo a m'mafakitale oyandikana adawatsatira, ophunzira adalowererapo, ndipo anyamata osowa ntchito a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa adatsikira m'tauni. Pa 6 ndi pa 7 Meyi mzinda wa Blantyre ndi Limbe udaona chimene udali usadaonepo: magalasi a masitolo akuphwanyika masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuthamanga ndi katundu pamutu. Moto womwewo udafika ku Lilongwe, ndipo sitalaka zidafalikira mpaka ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje. Apolisi adayankha ndi zipolopolo zenizeni. Anthu pafupifupi 40 adafa.

Chimene chimandikopa pa masiku awiri amenewo ndi sitolo zimene khamulo lidalunjikako. Zidali sitolo za PTC, za kampani ya Press, imene aliyense ankadziwa kuti ndi ya Ngwazi. Ndipo apa ndi pamene maganizo a anthu adagawikana m'njira imene ikadalipo mpaka lero. Kwa zaka zambiri munthu wosauka ankasonkhetsedwa ndalama za khadi, zake, za mkazi wake, nthawi zina ngakhale za mwana amene ali kumsana. Ankasonkhetsedwa mazira, nkhuku ndi mbuzi za mphatso Kamuzu akamabwera kudzayendera mbewu. Tsono pamene munthu ameneyu adatuluka m'PTC atasenza belo la shuga, m'mutu mwake simudali mawu akuti kuba. Ankaona ngati akutenga zake. Chinenero chathu chidamuthandizanso, pajatu chili ndi mawu ofewa oti chikumbumtima chigonepo: munthu sanena kuti ndaba, amati ndatola, ngati kuti shugayo adagwa yekha mumsewu.

Kunyumba nkhani inkakhala ina. Mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano amene adalera ana ake ndi lamulo lakuti usabe, ankalandira bwanji botolo la mafuta ophikira limene mwana wabwera nalo ali thukuta kamukamu? Alipo amene adakana kuti zotola zisalowe m'nyumba mwawo. Alipo ambiri amene adakalipa kaye, kenaka n'kubisa kunsi kwa bedi. Ndipo alipo ochulukitsitsa amene sadapite n'komwe m'tauni, amene ankapukusa mitu kudandaula za kuonongeka kwa khalidwe, koma mawa lake adagula sopo yemweyo pa theka la mtengo kwa mwana wa neba. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Apolisi atayamba kufufuza nyumba ndi nyumba, dera lonse lidasanduka losadziwa kanthu.

Poyera, anthu sakadanena chilichonse. Wailesi idali imodzi, ya MBC, wailesi yakanema kudalibe, ndipo Daily Times ndi Malawi News adali manyuzipepala a kampani ya Kamuzu yemweyo. Ofuna kudziwa chiwerengero cha akufa ankatchera BBC chapansipansi. Ziweruzo zenizeni za anthu zinkaperekedwa pa maliro, monong'ona, kuseri kwa nyimbo. Koma zotsatira zake zidaoneka msanga. Makampani ambiri adakweza malipiro. Patangopita masiku ochepa, maiko otithandiza atakumana ku Paris adaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo. Mu Okutobala Kamuzu adavomera riferendamu, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu adasankha nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi.

Tikamakamba mbiri ya matipate timatchula maepiskopi, timatchula Chihana, timatchula a PAC. Anthu 40 aja sitiwatchula kawirikawiri, ndipo alibe tsiku lawo pa kalendala. Ndikuganiza kuti chifukwa chake ndi shuga uja. Zimatichititsa manyazi kuvomera kuti ufulu umene timaunyadira udakankhidwako ndi anthu amene ena mwa iwo adagwa atanyamula katundu wosalipira.

Patapita chaka ndi theka, mu Disembala 1993, apayoniya ataombera asilikali ku Mzuzu, gulu lankhondo lidatuluka m'mabalaki kukalanda zida za apayoniyawo. Ntchitoyo adaitcha Operation Bwezani. Ku Lilongwe anthu adaima m'mbali mwa misewu kuombera m'manja asilikali, ndipo kumene asilikali adaswa, ena ankatsatira pambuyo kukatuta zotsala. Sindidamvepo munthu akudandaula za mipando ya apayoniya. Kuyambira pamenepo m'mitima mwa anthu a m'tauni mudakhazikika kusiyanitsa kumene tidadzakuonanso pambuyo pake: msilikali ndi wathu, wapolisi ndi wa boma.

Zaka za Bakili Muluzi zidadzaza misewu ndi mavenda. Makampani a boma ankagulitsidwa, ena ankatsekedwa, ndipo mnyamata amene bambo ake ankagwira ntchito ku Whitehead adapezeka akugulitsa kaunjika m'khonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidawachotsa m'misewu pa Operation Dongosolo, anthu ambiri oyenda pansi n'kuyamikira. Mavenda adalowa m'misika yopanikizana, koma sadaiwale. Kuchokera nthawi imeneyo wandale aliyense adadziwa kuti tsiku la chipwirikiti, amene ali ndi mavenda ndiye ali ndi tauni.

Pofika pakati pa 2011 dziko lidali litauma. Magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta, ndalama zakunja zidasowa, fodya sankagulidwa bwino, magetsi ankangothimathima. Mu Epulo boma lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yake yachinsinsi yodzudzula mtsogoleri wa dziko, ndipo thandizo lidayamba kuphwa. Ku Chancellor College maphunziro adali ataima kuchokera pamene mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene adaphunzitsa m'kalasi. Mabungwe omenyera ufulu, motsogozedwa ndi anthu ngati Undule Mwakasungula, Rafiq Hajat ndi mbusa MacDonald Sembereka, adalemba madandaulo 20 n'kuitana anthu kuti pa 20 Julayi avale zofiira.

Dzulo lake, pa 19, anyamata a chipani cholamula cha DPP adazungulira mumzinda wa Blantyre pa magalimoto a chipani atanyamula zikwanje, akuzinola pa tala anthu akuona. Usiku womwewo khoti lidapereka chiletso choimitsa zionetserozo. M'mawa kutacha anthu adasonkhana ndithu, apolisi n'kumawauza kuti sangayende. Maloya adathamangira kukhoti ndipo chiletsocho chidachotsedwa tsiku lomwelo, koma madzi adali atatayika kale. Khamu limene likadayenda pamodzi kumbuyo kwa atsogoleri ake lidabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi n'kugawika timagulu topanda mwini. Nthawi yonseyo pulezidenti adali ku nyumba ya boma ku Lilongwe, akukamba phunziro lake lalitali pa MBC. Bungwe la MACRA lidaletsa mawailesi omwe si a boma kuulutsa zochitikazo pompopompo, koma tsopano anthu adali ndi mafoni m'matumba, ndipo zithunzi za ovulala zidayenda pa Facebook dzuwa lisadalowe.

Ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga sitolo zidathyoledwa kwa masiku awiri. Poyamba khamu linkasankha monga lidachitira mu 1992: maofesi ndi magalimoto a chipani, malonda a anthu odziwika kuti amadya ndi boma, nyumba za apolisi. Koma chitseko chikangothyoka chimodzi, chachiwiri sichifunsidwa kuti mwini wake amavotera ndani. Sitolo za Amwenye ndi za Matchaina zidakhuthulidwa, ndipo m'madera ena ngakhale timagolosale ta anthu wamba sitidapulumuke. Anthu 20 adafa, ndipo mzinda wa Mzuzu, wocheperapo pa mizinda itatu ikuluikulu, ndi umene udataya anthu ambiri.

Apa ndiye dziko lidayankhula mokweza, mosiyana ndi 1992. Bingu adati ochita zionetserowo akutsogozedwa ndi Satana, ndipo ali ku Zomba pa mwambo wa apolisi adatchula maina a atsogoleri a mabungwe ndi a zipani, n'kulonjeza kuti awafukiza kulikonse kumene abisala. Boma linkawerenga katundu: sitolo zingati, magalimoto angati, ndalama zingati. A mabungwe ankawerenga mitembo, nati zionetsero zawo zidali zamtendere, akuba adali anthu ena ongopezerapo danga. Mbali zonse ziwiri zidagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kuti wakubayo si wawo.

Kunena zoona, mawu a mabungwe aja adali oona mwatheka. Amene adalemba madandaulo 20 sadatume munthu kukanyamula matilesi. Koma khamu limene lidachititsa kuti boma linjenjemere silidali la anthu a mataye okha. Lidali la oitanira minibasi, a kabaza, onyamula katundu mumsika, anyamata amene kusowa kwa ndalama zakunja sankakudziwa ndi dzina koma ankakumva m'mimba. Kuwaitana kuti adzachulukitse chiwerengero, kenaka n'kuwakana pamene achita zimene njala ndi mkwiyo zimachititsa, kuli ngati kulira mvula n'kumanyansidwa ndi matope. Komanso boma linkanama poyera ponena kuti onse adafera kuba. Komiti yofufuza imene idatsogozedwa ndi Apostle Timothy Khoviwa, yomwe lipoti lake lidatuluka mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma, idapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Ena mwa ophedwawo sadali pafupi n'komwe ndi sitolo. Ndipo ngakhale amene adagwidwa ndi thumba la mpunga paphewa, palibe lamulo la dziko lino limene limati chilango chake ndi chipolopolo cha kumsana.

Pali gulu lina limene mawu ake sadamveke kwambiri, ndipo ndi limene limandimvetsa chisoni. Mtsikana wogulitsa m'sitolo ya Mtchaina amene adapeza pa ntchito pake patatsala mashelefu okha, bwana n'kumuuza kuti adikire kunyumba. Mlonda amene adafunsidwa kuti udali kuti. Mayi amene adatenga ngongole kubanki m'khonde kuti atsegule kaokala. Anthu amenewa mafuta ankawasowa chimodzimodzi, boma lidawatopetsa chimodzimodzi, koma kuyambira tsikulo mawu akuti mademo ankawadutsa mumtima ngati mpeni. Boma lidaziona zimenezi. Pamene mabungwe ankakonza zodzasonkhananso pa 17 Ogasiti, pulezidenti adayamba kuyendera misika ndi kucheza ndi mavenda omwe aja adawathamangitsa mu 2006, kuwauza kuti zionetsero zimapha malonda awo. Mabungwe adaimitsa msonkhanowo n'kulowa m'zokambirana zimene bungwe la United Nations lidakhalira pakati. Mu Seputembala ofesi ya Hajat ku Blantyre ndi nyumba ya Sembereka ku Balaka zidatenthedwa, ndipo wophunzira wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, adapezeka atafa pasukulupo. Amereka adali ataimitsa kale thandizo la madola 350 miliyoni lokonzera magetsi. Bingu adamwalira pa 5 Epulo 2012, mizere ya mafuta ikadalipo.

Mu Epulo 2015 tidaona nkhaniyi titaima mbali inayo. Ku Durban ndi ku Johannesburg makamu adathyola nyumba ndi timasitolo ta alendo, ndipo pakati pa alendowo padali ana athu a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay. Boma lidatumiza mabasi kukawatenga, ambiri adafika ndi zovala za m'thupi zokha. Nthawi imeneyo palibe Mmalawi adanena kuti achinyamata a ku Joni akungotola chifukwa cha ulova. Tidawatcha akuba ndi zigawenga, ndipo bungwe loona za ogula la CAMA lidamema anthu kuti anyanyale sitolo za ku South Africa zimene zili kuno. Tidalondola. Koma sindikukumbukira kuti tidaima n'kudzifunsa kuti Mtchaina wa ku Mzuzu kapena Mburundi wa ku Mchesi amawauza chiyani abale ake za ife.

Zionetsero za 2019 zidatalika kuposa zonse. Chisankho cha pa 21 Meyi chitadetsedwa ndi Tippex, bungwe la HRDC, lotsogozedwa ndi Timothy Mtambo ndi Gift Trapence, lidatulutsa anthu mumsewu mwezi ndi mwezi kuti Jane Ansah atule pansi udindo wake ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Kuthyola kudakhala ngati mwambo wa kumapeto kwa tsiku: m'mawa kuguba ndi nyimbo, kalata kuperekedwa, madzulo magalasi kuphwanyika. Apolisi sankafunidwa n'komwe, moti asilikali ndiwo ankaperekeza oguba, anthu n'kumawaimbira m'manja monga mu 1993. Boma la Peter Mutharika lidagwira pa lamulo la apolisi la 2010, limene limati okonza zionetsero akhoza kulipitsidwa pa katundu woonongeka, ndipo lidayesa kangapo kuziletsa kudzera kukhoti. A HRDC ankati akuba ndi anthu otumidwa kuti aipitse mbiri ya zionetsero. Anthu wamba ankasankha chokhulupirira malinga ndi kumene adaponya voti. Wa kumwera amene adasangalala ndi kuthyoledwa kwa PTC mu 1992 tsopano ankalira za chitukuko chimene chikuonongeka; wa pakati amene nthawi ija ankati anthu a ku Blantyre ndi osayamika, tsopano ankati ufulu sabwera nawo pa mbale.

Dzina limene lidatchuka chaka chimenecho ndi Msundwe, kamsika ka pa msewu wa ku Mchinji. Anyamata akumeneko ankabwera m'tauni pa malole, ndipo anthu adawapatsa dzina lonyadira lakuti Msundwe Barracks. Ankawayamikira pa WhatsApp ngakhale anthu amene sakadalola mwana wawo kuponya mwala. Pa 8 Okutobala khamu lidagenda mpaka kupha wapolisi, Usumani Imedi, pamene apolisi ankachotsa miyala yotseka msewu. Apolisi adabwerera mwaukali ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Amuna adali atathawira kutchire, ndipo mkwiyo udagwera amayi ndi atsikana amene adatsala m'nyumba. Nkhuyu zodya ana zidapota ena. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu lidagamula kuti amayi ndi atsikana 18 amene adagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe ndi apolisi alipidwe chipukutamisozi. Pofika nthawiyo khoti lidali litathetsa kale chisankho chija pa 3 Febuluwale, anthu adavotanso pa 23 Juni, ndipo Mtambo adali nduna.

Masiku ano kukangomveka kuti kuli mademo, eni sitolo ku Limbe ndi ku Bwalo la Njobvu sadikira kumva kuti nkhani yake ndi yotani. Amatsitsa zitseko zachitsulo, makolo satumiza ana kusukulu, ndipo m'misika ina anyamata amagona pa mabenchi awo ndi zibonga. Mawu akuti tikuteteza malonda athu asanduka chovala chimene aliyense angathe kubwereka. Mu Juni 2025 ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje adamenya Sylvester Namiwa, amene ankatsogolera zionetsero zotsutsa akuluakulu a MEC. Apolisi adali pomwepo, asilikali adali pomwepo.